Hillary akanakana banja la Bill Clinton, bwenzi zili bwa?

Amene munakhalapo pa bawo mukudziwa kuti phokoso lenileni limayamba gemu ikatha. Woluza wangoti zii akutolera nkhomo, koma oonerera aja nde ayamba, "mdala mukanayambira dzenje ili bwenzi mutamudya mzere onse," wina nkumatsutsa kuti ayi akanayambira pamenepo nayenso mnzakeyu sakanasewera mmene waseweramu, mpaka amabwezeretsa nkhomo m'maenje kuti aonetsane. Ndipo akabwezeretsa samagwirizanabe, chifukwa ukasuntha nkhomo imodzi zonse zotsatira zimasuntha, nde palibe amene angalumbire kuti gemu ikanathera kuti.

Pali mtundu wina wa nkhani zopeka umene ntchito yake ndi yomweyi. Pachingerezi amautcha alternate history. Wolemba amatenga mbiri yeniyeni, anthu enieni, zaka zenizeni, nkupeza mphambano imodzi pomwe zinthu zikanatha kukhotera kwina, nkukhotetsa, kenako nkumatsatira njira imene sinayendedweyo mpaka komwe ikathere. Si zachilendo ai. Livy, wolemba mbiri ya Aroma zaka 2,000 zapitazo, anaima kaye pakati pa ntchito yake nkudzifunsa kuti Alexander Wamkulu akanabwera kudzathira nkhondo Roma zikanatha bwanji, nkudziyankha yekha kuti Roma ikanawina (paja anali M'roma, mumafuna ayankhe kuti chani). Akatswiri ambiri a mbiri sazikonda izi. E. H. Carr mu 1961 anazitcha masewera ongochezera pabalaza. Koma anthu sanasiye, ndipo pomwe pamakoma kwambiri ndi pamene mphambanoyo siili pa nkhondo kapena pa chipolopolo koma pa chisankho cha munthu mmodzi wandale, pa inde kapena ayi wake.

Chitsanzo chimene ndikufuna tichimasule bwino ndi buku lotchedwa Rodham, lomwe mayi wina waku America, Curtis Sittenfeld, anatulutsa mu 2020. Funso lake ndi limodzi basi: Hillary Rodham akanapanda kukwatiwa ndi Bill Clinton?

Kuti funsoli limveke tiyambe ndi zimene zinachitikadi, chifukwa ambiri timangodziwa mayi Clinton ngati akazi a pulezidenti amene anadzaluza kwa Trump. Hillary anabadwa mu 1947 ku Chicago. Mu 1969 pomaliza ku Wellesley College anzake anamusankha kuti ayankhule pa mwambo wa ma digiri, ndipo zimene anayankhulazo zinamveka mpaka chithunzi chake chinatuluka mu magazini ya Life, ali ndi zaka 21 zokha. Ndiye kuti asanakumane ndi Bill anali atadziwika kale, Bill asanamveke kwina kulikonse kupatula kwao. Anakumana ku sukulu ya zamalamulo ya Yale mu 1971. Bill anamufunsira banja koyamba mu 1973 ali ku England, Hillary anakana. Anafunsiranso, anakananso. Mu 1974 Hillary anali mmodzi mwa maloya achinyamata amene ankathandiza komiti ya nyumba ya malamulo kufufuza pulezidenti Richard Nixon pa nkhani ya Watergate, yothyola ofesi ya chipani chotsutsa nkubisa mlanduwo, ntchito yomwe ikanamutsegulira zitseko zambiri ku Washington. Koma Nixon atatula pansi udindo mu August chaka chomwecho, iye anapakira katundu ulendo waku Fayetteville ku Arkansas, kwao kwa Bill, dera losauka komanso lakumbuyo kwa anthu aku Washington, kukaphunzitsa pa yunivesite. Anzake ankamuona ngati wapenga. Pa 11 October 1975 anakwatirana.

Zotsatira zake mukuzidziwa pang'ono. Bill anasankhidwa kukhala gavanala wa Arkansas mu 1978 ali ndi zaka 32, analuza mu 1980, ndipo chimodzi mwa zimene anthu ankadandaula chinali chakuti mkazi wake akugwiritsabe ntchito dzina la bambo ake la Rodham, nde pofika 1982 anayamba kudzitcha Clinton, Bill nkuwinanso. Dzina la bukuli likuchokera pamenepo, ndi dzina limene anavula kuti mwamuna wake apambane.

Nde m'bukumo gawo loyamba limatsata mbiri yeniyeniyi pafupifupi ndendende, Yale, chibwenzi, Arkansas. Kusiyana kumabwera pamene Hillary wa m'bukumo waona mokwanira kuti Bill pa nkhani ya akazi sangadzigwire, mpaka mayi wina kumupeza pamalo oimika magalimoto pa shopu nkumuuza kuti Bill anamugwiririra. Izi ndi zopeka za wolembayo, tisasakanize. Mapeto ake Hillary akwera galimoto nkuchoka ku Arkansas ali yekha. Mphambano ndi imeneyo.

Apa mpamene ntchito ya wolemba imayambira, ndipo kwa ine mpamene nkhani yonse ya mabuku amtunduwu yagona. Kusintha chinthu chimodzi nkosavuta, aliyense angathe. Chovuta nkusankha kuti ukasintha chimodzicho, nchiyani chigwe nacho limodzi ndipo nchiyani chitsale chiliri. Ukagwetsa zonse owerenga sazindikiranso dziko lawo, akhala ngati akuwerenga za dziko la kumwezi. Ukasiya zonse mmene zinalili ndiye kuti ukunena kuti chisankho chija chinalibe ntchito, nanga bukulo walemberanji. Pakati pamenepo mpamene wolemba amaulula zimene amakhulupirira, ngakhale asafune.

Taonani zimene Sittenfeld anagwetsa. Mu mbiri yeniyeni, mu January 1992 kampeni ya Bill inatsala pang'ono kufa pamene Gennifer Flowers ananena poyera kuti anali naye pachibwenzi kwa zaka zambiri. Chimene chinamupulumutsa ndi intaviyu ya pa TV pa pulogalamu ya 60 Minutes, yomwe inaonetsedwa gemu ya Super Bowl, fainolo ya mpira wachiAmerica, itangotha anthu mamiliyoni akuonera, Hillary atakhala pambali pake pa sofa osagwedezeka, akuyankha mwamphamvu. M'bukumo intaviyu yomweyo ilipo koma pa sofapo pakhala mkazi wina amene Bill anakwatira, wofatsa, wosazolowera makamera, amangosweka mtima pamaso pa dziko lonse ndipo kampeni imathera pomwepo. George H. W. Bush, amene anali pulezidenti nthawiyo, nkuwinanso kachiwiri. Mwaiona mfundo yake? Kwa zaka zambiri adani a mayi Clinton ankanena kuti mayiwa anakwera pamsana pa amuna awo, popanda Bill sakanafika pomwe anafika. Bukuli langotembenuza nsalu, likuti popanda Hillary, Bill ndi amene sakanalowa ku White House. Wolembayo sanachite kulalikira, wangosintha munthu wokhala pa sofa.

Koma taonaninso zimene anasiya. Mapulezidenti ena asintha, Jerry Brown walowa, John McCain walowa, koma pofika 2008 Barack Obama wawinabe ngati palibe chinasuntha. Apa ine ndimakweza nsidze. Obama weniweni anatchuka ndi zimene anayankhula pa msonkhano waukulu wa chipani cha Democratic mu 2004, ndipo chimodzi mwa zida zake zazikulu mu 2008 chinali chakuti iye anatsutsa nkhondo ya ku Iraq pomwe Hillary monga seneta anaivotera mu October 2002. Ukachotsa pa mpando George W. Bush, pulezidenti amene anayambitsa nkhondoyo, zonsezi zimaima pati? Komanso Obama ndi Hillary onse awiri m'bukumo akuchokera ku Illinois. Chilungamo chake nchakuti wolembayo sanafune dziko lopanda Obama, owerenga ake sakanalikonda, nde anamusiya. Si mlandu, koma tizidziwa kuti nkhomo zina amazigwira ndi chala kuti zisasunthe.

Chimene chinandigwira mtima, ndipo ndikuona kuti ndi chimene chimapangitsa bukuli kukhala loposa maloto a sapota wokhumudwa, ndi nkhani ya Carol Moseley Braun. Mu October 1991 Anita Hill anaima pamaso pa komiti ya maseneta, amuna okhaokha, kunena kuti Clarence Thomas, amene ankafuna kumuika kukhala jaji wa khoti lalikulu, ankamuvutitsa ndi nkhani zachisembwere kuntchito. Mmene anamufunsira mafunso zinakwiyitsa azimayi ambiri. Seneta wa Illinois, Alan Dixon, anavotera Thomas, ndipo Moseley Braun anamugwetsa pa mapulaimale mu March 1992, kenako nkukhala mayi woyamba wachikuda kulowa mu Senate ya America. Izi ndi zoona zenizeni. Tsono m'bukumo Hillary, amene ndi pulofesa wa zamalamulo ku Northwestern ku Chicago, amalowa mu mpikisano omwewo, nkuwina, kutanthauza kuti mpando umene mu mbiri yeniyeni unapita kwa mayi wachikuda wautenga mzungu, ndipo mnzake wakalekale amene anamulera pa ntchito, naye wachikuda, chinansi chimathera pomwepo. Hillary amadziwa zimene wachita, amadzipatsa zifukwa, nkupitirira.

Wolemba waulesi akanati vuto lonse la Hillary linali Bill, mukachotsa Bill mutsala ndi mngelo. Uyu sanatero. Wachotsa mwamuna koma dyera la mpando walisiya, kuwerengera kwa ndale wakusiya, kusamva bwino anthu amene sali ngati iye wakusiya. Ndipo kumapeto zimafika poipa kuposa apa, chifukwa mu 2016 wa m'bukumo Bill, amene anasiya ndale nkukalemera ndi makampani a zamakompyuta ku Silicon Valley, amabwerera kudzapikisana ndi Hillary pa mapulaimale, ndipo Hillary pofuna kumugonjetsa amalandira sapoti ya Donald Trump. Eya, Trump yemweyo, kumukweza pa nsanja. Ena anati apa wolemba wapyola muyeso, koma paja Trump weniweni anaperekapo ndalama ku kampeni za mayi Clinton ali seneta wa New York, ndipo banja la a Clinton linali pa ukwati wake mu 2005, nde sizochokera kumwamba.

Chinanso chimene sanachotse ndi chidani. Pa misonkhano ya Trump mu 2016 anthu ankaimba kuti mayiyu amangidwe. M'bukumo nyimbo yofanana nayo ikumveka pa misonkhano ya Bill, akuti mayiyu atsekedwe pakamwa. Apa wolemba akuyankha funso limene anthu aku America akhala akukangana chiyambire: kodi amadana ndi Hillary chifukwa cha katundu wa banja la Clinton, kapena chifukwa ndi mzimayi wofuna mpando waukulu? Yankho lake nlakuti ngakhale akanakhala mbeta wopanda mwana, akanamupezerabe chifukwa, m'malo monena kuti anakakamira mwamuna wachimasomaso bwenzi akunena kuti ndi wouma mtima, palibe mwamuna anamufuna. Azimayi ambiri izi sachita kufotokozeredwa. Ukapirira pabanja akuti ulibe nzeru, ukachoka akuti sunalangidwe, ndipo amene amakuuza pa bridal shower kuti banja nkupirira ndi omwewo adzakuseke kuti unkadikira chani.

Ndikaganiza zimenezi ndimakumbukira August 2012 pamene mayi Clinton, ali nduna ya zakunja ya America, anabwera ku Lilongwe kudzakumana ndi mayi Joyce Banda. Pa chithunzi chimenecho panali mayi amene anakhalabe pabanja lovuta koma upulezidenti sanaupeze, ndi mayi amene mwa kunena kwao anachoka pabanja loyamba lankhanza atatenga ana awo atatu, nkudzakhala pulezidenti. Koma musathamangire kupanga phunziro, chifukwa mayi Banda analowa pa 7 April 2012 kaamba koti a Bingu wa Mutharika anamwalira mwadzidzidzi pa 5 April, iwo ali wachiwiri amene anali atachotsedwa kale m'chipani cholamula. Wolemba nkhani zopeka akanalemba zotere bwenzi tikuti wanyanya kupeka.

Mfundo imeneyi ya ngozi ndi imene imasokoneza mabuku onse amtunduwu. Mu 2016 weniweni mayi Clinton anaposa Trump ndi mavoti pafupifupi 2.9 miliyoni dziko lonse, koma kumeneko sawerenga choncho, dera lililonse lili ndi mavoti ake apadera ndipo pafupifupi paliponse wowina derali amatenga onse, nde Trump anapeza 304 iwo 227. Chimene chinapha gemu ndi madera atatu, Michigan, Pennsylvania ndi Wisconsin, komwe kusiyana konse pamodzi sikunafike mavoti 80,000. Masiku 11 chisankho chisanachitike mkulu wa FBI James Comey analemba kalata yonena kuti akuonanso nkhani ya ma imelo a mayiwa. Nde ngati kusiyana kunali kochepa chonchi, simufunika kubwerera mpaka 1975 kukathetsa chibwenzi kuti Hillary awine, mukhoza kungong'amba kalata imodzi, kapena kumutumiza kukapanga kampeni ku Wisconsin komwe sanapondeko atasankhidwa kuimira chipani. Wolemba akasankha banja m'malo mwa kalata ndiye kuti funso limene likumudya si la chisankho cha 2016 ai. Ndi lakuti mzimayi wanzeru amalipira zingati akamanga moyo wake pa mwamuna.

Nchifukwa chake ine ndimati mabuku awa amanena zambiri za chaka chimene alembedwa kuposa chaka chimene akusintha. Rodham sakanalembedwa chonchi mu 1995. Analembedwa Trump ali pa mpando, gulu la MeToo, la azimayi oulula nkhanza zachisembwere, litagwedeza kale dziko kuyambira 2017, anthu a chipani cha Democratic chomwe atayamba kuonanso ndi diso lina madandaulo a azimayi okhudza Bill Clinton, omwe m'ma 1990 ankangowakankhira kumbali. Chimodzimodzi buku la Philip Roth la mu 2004, The Plot Against America, momwe Charles Lindbergh, woyendetsa ndege wotchuka uja amene ankatsutsa zoti America ilowe nkhondo yolimbana ndi Hitler, amagonjetsa pulezidenti Franklin Roosevelt pa chisankho cha mu 1940. Nkhaniyo imaoneredwa kuchokera m'nyumba ya banja lachiyuda ku Newark, mantha akulowa pang'onopang'ono ngati chinyezi m'khoma, ndipo anthu anadzalithamangiranso pambuyo pa 2016 chifukwa ankadzionamo. Koma Roth kumapeto anabweza mbiri mu njanji yake, Lindbergh amasowa ndi ndege, Roosevelt nkubwerera, ngati dziko linangopatuka pang'ono kukataya madzi. Stephen King m'buku lake la 11/22/63 anachita zosiyana, munthu wake amabwerera m'mbuyo nkupulumutsa pulezidenti John F. Kennedy kuti asaphedwe ku Dallas mu 1963, pobwerako nkupeza dziko laipiratu. Atatuwa akuyankha mosiyana funso limodzi, ngati munthu mmodzi angathe kukhotetsa mtsinje, kapena mtsinje umabwerera m'khwawa lake.

Pali nkhani ina yosautsa imene sitingailumphe. Lindbergh ndi Kennedy anali atafa kale pamene ankawalemba. Hillary ndi Bill ali moyo, akadali pabanja, ali ndi mwana wawo Chelsea amene m'bukumo sanabadwe nkomwe. Bukuli limayankhula ndi mawu a Hillary mwini wake, "ine", kulowa mpaka kuchipinda, ndipo zakuchipindazo analemba mosabisa moti owerenga ambiri anachita manyazi m'malo mwa eni ake. Sittenfeld analembapo kale mu 2008 buku lotsatira moyo wa Laura Bush, mkazi wa George W. Bush, koma kumeneko anasintha maina. Apa sanasinthe. Mwalamulo ku America palibe vuto lalikulu, kuyambira chigamulo cha khoti lalikulu pa mlandu wa New York Times ndi Sullivan mu 1964 munthu waudindo kuti awine mlandu woipitsidwa mbiri ayenera kuonetsa kuti wolembayo ananama akudziwa kapena mosasamala choonadi, ndipo mu 1988 pa mlandu wa magazini ya Hustler ndi m'busa Jerry Falwell khoti linatetezanso zolemba zimene munthu wanzeru zake sangazitenge ngati zoona. Buku lonena kuti Hillary sanakwatiwe palibe angaliyese nyuzi. Ife amene tikukumbukira kuti Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, ufulu woterewu sitiutenga mwachibwana. Komabe chololedwa ndi lamulo si chonse chili ndi ulemu. Kumuika munthu wamoyo mawu m'kamwa onena kuti ukwati wake wa zaka zoposa 40 unali kulakwitsa, ngakhale ukumukonda, pali kena kake kodzikuza pamenepo. Chodabwitsa nchakuti amene amachita izi si adani ake koma omukonda, ngati achibale aja amene pamaliro pomwe amanong'onezana kuti mwana wathuyu akanamvera ife. Paja amati ndikadadziwa ndikadaphika therere, koma apa amene akunena ndikadadziwayo si mwini mphika. Mayi Clinton eni ake mu 2019 atafunsidwa pa TV chinthu cholimba mtima kwambiri chimene anachitapo pa moyo wawo, anayankha kuti ndi kukhalabe pabanja lawo.

Ndipo mbiri yeniyeni ya mphambanoyo ndi yaing'ono kuposa mmene bukuli likuipangira. Tsiku lina mu 1975 Bill akuperekeza Hillary ku eyapoti, anadutsa pa kanyumba kena ka njerwa ku Fayetteville kali ndi chikwangwani choti nkogulitsa, Hillary nkungonena mongodutsa kuti kanyumbako nkokongola. Anapita ulendo wake wokaona anzake ndi kukaganiza za tsogolo lake. Pobwera Bill anamutengera pa kanyumba kaja nkumuuza kuti wakagula, nde akuyenera kuvomera chifukwa sangakhalemo yekha. Kachitatu aka anavomera. Ukwati unachitikira pabalaza pa kanyumba komweko, anthu osapitirira 20, diresi anagula dzulo lake pa shopu atachita kukakamizidwa ndi amayi ake. Kanyumbako anadzakasandutsa myuziyamu, ndipo msewu wake pano umatchedwa Clinton Drive.